Khansa yotsata udzudzu: zimene dokotala Denis Burkitt adapeza ndi phunziro lake ku Chikwawa

M'zaka zaposachedwapa kwamveka nkhani zolimbikitsa pa matenda a khansa m'dziko muno. Mu 2024 chipatala chomwe si cha boma cha International Blantyre Cancer Centre chidayamba kuthandiza odwala ndi makina owotcha khansa, ndipo mu 2025 boma lidatsegulira chipatala chake cha khansa pa Kamuzu Central ku Lilongwe. Kale odwala ofunika makinawa ankalembedwa pamndandanda wodikira kutumizidwa kunja, ku India, Tanzania kapena Kenya, ndipo ena ankamwalira dzina lawo lisanatuluke.

Koma pali khansa ina, imodzi mwa zimene zimagwira ana ambiri m'Malawi, yomwe makina amenewa si mankhwala ake. Dzina lake ndi Burkitt lymphoma, kapena kuti khansa ya Burkitt. Imatupitsa nsagwada, diso kapena mimba ya mwana, imakula msanga kuposa khansa zina zonse, ndipo imapezeka kwambiri kumadera otentha kumene malungo satha chaka chonse, monga kuchigwa cha Shire. Kuti mwana wa ku Makhuwira, Ngabu kapena Chapananga aipewe kapena achire, zimadalira zinthu zitatu: wadwala malungo kangati pamoyo wake, padutsa masiku angati asanafike ku chipatala chachikulu, komanso ngati banja lake lingakwanitse kukhala naye mpaka mankhwala atatha.

Kuti timvetse zimenezi, tiyambe ndi munthu amene khansayi idatengera dzina lake.

Denis Burkitt adali ndani?

Denis Parsons Burkitt adabadwa pa 28 Febuluwale 1911 ku Enniskillen, kumpoto kwa chilumba cha Ireland. Ali ndi zaka 11 adavulala ndipo diso lake lakumanja lidawonongeka, moti ntchito yake yonse ya maopaleshoni adaigwira ndi diso limodzi. Adalowa sukulu ya ukachenjede ya Trinity College ku Dublin kukaphunzira uinjiniya, koma adasintha n'kuyamba udokotala, ndipo adamaliza mu 1935. Mu 1938 adalandira ziyeneretso za dokotala wa maopaleshoni ku Edinburgh. Pankhondo yachiwiri yapadziko lonse adatumikira ngati dokotala wa asilikali, ndipo ntchitoyi ndi imene idamufikitsa ku Africa koyamba.

Mu 1946 adapita ku Uganda. Adayambira ku Lira, kumpoto kwa dzikolo, kenako adasamukira ku chipatala cha Mulago mumzinda wa Kampala, komwe ankachita maopaleshoni uku akuphunzitsa ophunzira udokotala a ku Makerere. Sadali katswiri wa mu labotale. Zida zake zidali kamera, kabuku kolembamo, ndi chizolowezi chofunsa wodwala aliyense kuti kwawo n'kuti.

Mu 1957 dokotala mnzake, Hugh Trowell, adamuitana kuti adzaone mnyamata wa zaka 5 yemwe nsagwada zake zidatupa mbali zonse, kumwamba ndi kumunsi komwe. Burkitt adamujambula, n'kuona kuti opaleshoni singathandize. Patapita masabata ochepa, ali ku chipatala cha ku Jinja, adaona mwana wina wotupa chimodzimodzi, koma uyu adalinso ndi zotupa m'mimba. Apa ndi pamene adayamba kukayika zoti nthendayi ndi yachilendo yongogwera mwana mmodzi.

Adafukula mafayilo akale a ku Mulago, n'kupeza kuti ana amene m'mbuyomu ankalembedwa kuti ali ndi chotupa cha diso, cha nsagwada kapena cha m'mimba, ngati matenda osiyana, ambiri adali ndi nthenda imodzi. Mu 1958 adafalitsa lipoti la ana 38 m'magazini ya madokotala ya British Journal of Surgery. Poyamba anthu ochepa okha ndi amene adalilabadira. Pambuyo pake akatswiri oyeza minofu ku Kampala, Gregory O'Conor ndi Jack Davies, adaonetsa kuti khansayi imayambira m'maselo oyera a magazi, omwe ndi asilikali a chitetezo cha m'thupi.

Ulendo wa 1961 umene udadutsa m'dziko muno

Funso lotsatira la Burkitt lidali lakuti khansayi imapezeka kuti, ndipo imalekezera pati. Ndi ndalama zochepa adasindikiza timapepala tokhala ndi zithunzi za ana odwala, n'kutitumiza ku zipatala za boma ndi za mishoni mu Africa muno. Mayankho akabwera ankabaya kasingano pamapu a pakhoma. Masinganowo adapanga lamba wopingasa pakati pa Africa, wokhala ndi mchira wotsikira kummwera kudzera kugombe la kum'mawa.

Mu Okutobala 1961 adanyamuka ku Kampala ndi madokotala anzake awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, pagalimoto yakale ya Ford. Adayenda masabata 10, mtunda wa makilomita pafupifupi 16,000, n'kuyendera zipatala zoposa 50. Adadutsa Tanganyika, Northern Rhodesia, Nyasaland, Southern Rhodesia ndi Mozambique mpaka kukafika ku Johannesburg. Paliponse ankaonetsa zithunzi kwa madokotala, anamwino ndi othandizira madokotala, n'kuwafunsa ngati adaonapo ana otere, komanso kumene anawo ankachokera.

Zimene adapeza zidali zodabwitsa. Malire a khansayi sadali a dziko kapena a mtundu wa anthu, koma a kukwera kwa malo. Cha ku Uganda inkapezeka mpaka pamalo okwera mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere. Kuno ku Nyasaland ndi maiko oyandikana nawo malirewo adatsika kufika pa mamita pafupifupi 900, ndipo odwala ankachokera kwambiri kumadera otsika, m'mphepete mwa nyanja ndi m'zigwa za mitsinje. Ku South Africa malire adatsikanso kufika pa mamita pafupifupi 300.

Katswiri wa tizilombo touluka ku Entebbe, Alexander Haddow, ndiye adathandiza kumasulira mapuwo. Khansayi inkasowa kumene kumazizira kupitirira madigiri 15 kutsika mmunsi, komanso kumene mvula siifika mamilimita 500 pachaka. Malo otentha ndi achinyezi otere ndi kwawo kwa udzudzu.

Kachirombo kamodzi, ndi malungo obwerezabwereza

Poyamba ofufuza ankaganiza kuti udzudzu ukufalitsa kachirombo koyambitsa khansa. Mu Malichi 1961 Burkitt adakamba za nthendayi pa chipatala cha Middlesex ku London, ndipo mmodzi mwa omvera adali wofufuza wachinyamata, Anthony Epstein. Awiriwa adagwirizana kuti Burkitt azitumiza tizidutswa ta zotupa pandege kuchokera ku Kampala. Mu 1964 Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong adaona kachirombo katsopano m'maselo a zotupazo. Lero kamatchedwa Epstein-Barr, mwachidule EBV, ndipo kadali kachirombo koyamba kupezeka kuti kamakhudzana ndi khansa ya munthu.

Koma padabuka vuto. Kachiromboka sikafala ndi udzudzu, kamafala ndi malovu, ndipo anthu akuluakulu oposa 9 mwa 10 aliwonse padziko lonse ali nako popanda kudwala. Ngati kali paliponse, bwanji khansayi ikusankha malo otentha okha?

Yankho lidapezeka m'malungo. Ofufuza, kuphatikizapo Burkitt mwiniwake chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, adaona kuti mapu a khansayi akufanana ndi mapu a malungo osatha. Ku Zanzibar ndi ku Kinshasa, kumene panthawiyo malungo adali atachepetsedwa, khansayi inkasowa ngakhale kuti kumatentha.

Masiku ano akatswiri amafotokoza motere. Ana ambiri a kuno amatenga EBV asanakwanitse zaka 3, ndipo kachiromboka kamabisala m'maselo ena oyera a magazi moyo wonse. Mwana akamadwala malungo pafupipafupi, maselo amenewa amakakamizika kuchulukana kwambiri kuti alimbane ndi matendawa, pamene mphamvu ya thupi yoletsa EBV ikuchepa. M'kuchulukana kothamanga kotere, selo limodzi likhoza kulakwitsa pokopera malangizo ake, n'kusiya chibadwa china chotchedwa MYC, chomwe chimalamula selo kugawikana, chili choyaka osazimanso. Selo lotere likadatha kufa lokha, koma EBV amaliteteza. Chotupa chimayambira pamenepo. Mu 2012 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la WHO idaika malungo osatha a mtundu wa falciparum m'gulu la zinthu zimene zikuoneka kuti zimayambitsa khansa.

Apa tisachite mantha opyola. Mwa ana 100,000 aliwonse a kumadera a malungo, ndi owerengeka okha amene amadwala khansayi pachaka. Ndipo siyopatsirana. Mwana wodwala akhoza kudya mbale imodzi ndi abale ake, kugona nawo mphasa imodzi, popanda choopsa.

N'chifukwa chiyani Chikwawa ndi Nsanje?

Mukatsika mapiri kuchokera ku Blantyre kulowera ku Thabwa, mumachoka pamalo okwera mamita pafupifupi 1,000 n'kufika pamalo okwera mamita pafupifupi 100 okha. Ku Nsanje n'kotsika kuposa apo. Pa mapu a Burkitt, chigwa chonsechi chili mkati mwenimweni mwa malire. Kumatentha miyezi yambiri, kuli madambo a Elephant Marsh, minda yothirira ya nzimbe ku Nchalo ndi ku Kasinthula, ndiponso madzi osefukira amene amasiya zithaphwi kwa masabata. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 560,000 ku Chikwawa ndi pafupifupi 300,000 ku Nsanje, ndipo ambiri mwa iwo ndi ana ndi achinyamata.

Kafukufuku wa kwathu konkuno adatsimikiza zimene Burkitt ankaganiza. Mu 2008 ofufuza motsogozedwa ndi Nora Mutalima adafalitsa zotsatira za ana amene adagonekedwa pa chipatala cha Queen Elizabeth Central, chomwe ambiri timachitcha Gulupu. Adapeza kuti ana amene magazi awo ankaonetsa kuti thupi lalimbana kwambiri ndi EBV komanso malungo adali pachiopsezo cha khansayi kuwirikiza ka 13 poyerekeza ndi amene zizindikiro zonse ziwirizi zidali zochepa. Adapezanso kuti khansayi inkachepa pakati pa ana a m'mabanja ogona m'masikito.

Choncho neti imene ambiri timaiona ngati yoteteza ku malungo basi ikhoza kukhalanso chida chopewera khansa ya ana. Koma namondwe akabwera, monga Idai mu 2019, Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023, neti zimapita ndi madzi pamodzi ndi nyumba, mabanja n'kumagona m'misasa pamalo amene udzudzu wachuluka.

Dokotala wa mpeni amene adaika mpeni pansi

Chodabwitsa china pa mbiri ya Burkitt n'chakuti, ngakhale adali dokotala wa maopaleshoni, adavomereza msanga kuti khansayi siyodula. Pamene chotupa chikuoneka pa nsagwada, nthawi zambiri maselo ake amakhala afika kale ku impso, m'matumbo, m'mafuta a m'mafupa kapena ku msana. Ku Uganda kudalibe makina owotcha khansa, choncho kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 iye ndi anzake adayesa mankhwala a methotrexate ndi cyclophosphamide, ena mwa iwo ochita kupempha ku makampani. Zotupa zikuluzikulu zinkasungunuka m'masiku ochepa, ndipo ana ena adachiriratu atalandira mankhwala kamodzi kapena kawiri. Iyi idali imodzi mwa khansa zoyamba kuchizidwa ndi mankhwala okha.

Burkitt adachoka ku Uganda mu 1966 kukagwira ntchito ndi bungwe la Medical Research Council ku London. Kumeneko adatchukanso polimbikitsa zakudya zagaga, ataona kuti khansa ya m'matumbo aakulu inkasowa pakati pa anthu akumidzi ya mu Africa odya chimanga chosakonola, nyemba ndi masamba. Mu 1972 adalandira mphoto ya Lasker, ndipo adamwalira pa 23 Malichi 1993.

Zimenezi sizikutanthauza kuti madokotala a maopaleshoni alibe gawo pa khansa ya ana. Ndi iwo amene amatenga kachidutswa ka chotupa cha mkati kuti kakayezedwe, ndipo amapulumutsa mwana matumbo akatsekeka. Pali khansa inanso ya ana yotupitsa mimba, ya impso, yotchedwa Wilms, yomwe imafuna mankhwala kaye kenako opaleshoni yochotsa impso yodwalayo. Ku Blantyre ntchito imeneyi yakhala ikutsogozedwa kwa zaka zambiri ndi Pulofesa Eric Borgstein, dokotala wa maopaleshoni a ana amene waphunzitsa madokotala ambiri ku College of Medicine, yomwe tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Kuyambira 2017 maopaleshoni otere amachitikira ku Mercy James, pa Gulupu pomwepo. Mayi wa ku Bangula akaona mimba ya mwana ikutupa sangathe kusiyanitsa Wilms ndi Burkitt, ndipo n'zosafunika kutero. Njira yake ndi imodzi: kuthamangira kuchipatala.

Kodi ana a kuno amachira?

Ku maiko olemera, ana 9 mwa 10 aliwonse odwala khansa ya Burkitt amachira. Amalandira mankhwala amphamvu kwambiri, kuphatikizapo ena okwera mtengo otchedwa rituximab, ndipo akafooka pamakhala magazi okwanira, mankhwala othana ndi tizirombo tolowa m'thupi lofooka, komanso chipinda cha odwala mwakayakaya.

Madokotala a kuno adayesa kutsatira njira yamphamvu yotere ndipo adaona kuti ana ambiri, makamaka onyentchera, ankafa ndi ukali wa mankhwalawo khansa isanawaphe. Choncho ku Blantyre, Pulofesa Elizabeth Molyneux, Pulofesa Peter Hesseling wa ku South Africa ndi anzawo adakonza njira yopepukirapo. Mu 2009 adafalitsa zotsatira za ndondomeko ya masiku 28 yogwiritsa ntchito cyclophosphamide ndi methotrexate wobaya kumsana. Pafupifupi theka la anawo adali bwino patatha chaka, ndipo mankhwala a mwana mmodzi sankafika madola 50 a ku America. Ku Lilongwe, dokotala wa ana Peter Kazembe adali ataonetsa kale kuti ana ena olandira cyclophosphamide yekha amakhala ndi moyo zaka zambiri, makamaka ngati chotupa chidali kunkhope kokha.

Komabe theka linalo ndi lalikulu. Kafukufuku wina wa ku Lilongwe, wofalitsidwa mu 2016, adapeza kuti mwa ana amene ambiri adafika nthenda itafalikira, pafupifupi 3 okha mwa 10 aliwonse ndiwo adali moyo patatha miyezi 18. Bungwe la WHO, kudzera mu ndondomeko yomwe lidakhazikitsa mu 2018, likufuna kuti pofika 2030 ana osachepera 6 mwa 10 aliwonse odwala khansa padziko lonse azichira, ndipo Burkitt ndi Wilms zili pakati pa khansa 6 zimene lidasankha kuyamba nazo. Nthawi yatsala yochepa, ndipo mpata wofunika kutseka ndi waukulu.

Pamene ana amatayikira

Maselo a khansa ya Burkitt amatha kuwirikiza kawiri m'maola 24 mpaka 48. Sabata imodzi yodikira si yofanana ndi sabata yodikira pa khansa za akuluakulu.

Tiyerekeze mwana wa zaka 6 wa kutsidya kwa Shire, dera la East Bank. Tsaya layamba kutupa, koma sakulira, akudya ndi kusewera. Agogo akuti ndi matsagwidi, adzaphwa okha. Patapita masiku mano ayamba kugwedera, ndipo wina akuti ndi dzino, likazulidwe. Kutupa kukapitirira, nkhope n'kupotoka, ena amayamba kunong'ona za kulodzedwa, banja n'kupita kwa asing'anga. Akafika pa chipatala chaching'ono, mwana akhoza kuyezedwa malungo, n'kupezeka nawodi popeza ana ambiri kuderalo amakhala nawo, n'kupatsidwa LA ndi mankhwala a chotupa wamba kuti akabwerenso sabata yamawa. Aliyense wachita zimene akudziwa, koma mwezi watha.

Kenako pali ulendo. Mankhwalawa sangaperekedwe pa chipatala chaching'ono, chifukwa akayamba kugwira ntchito maselo a khansa amafa ambiri nthawi imodzi, ndipo zinyalala zake zikhoza kuwononga impso. Mwana amafunika madiripi, mankhwala oteteza impso ndi anamwino odziwa ntchitoyi. Kwa ana a kuchigwa cha Shire, malo otere ndi wodi ya khansa ya ana pa Gulupu. Mwana amayenera kudutsa ku chipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje, kapena cha mishoni monga Montfort ku Nchalo ndi Trinity ku Muona, kuti atumizidwe ku Blantyre. Kuchokera ku Nsanje ndi makilomita pafupifupi 180, ndipo nthawi ya dzinja milatho ikaduka madera ena amafikirika pabwato pokha.

Vuto lomaliza ndi kusiya mankhwala panjira. Chithandizo m'chipatala cha boma n'chaulere, koma kukhalako si kwaulere. Kafukufuku amene dokotala Trijn Israels ndi anzake adachita pakati pa odikirira ana pa Gulupu adaonetsa kuti makolo ankafunitsitsa ana awo achire, koma ankapanikizika ndi ndalama zoyendera, chakudya, ndi nkhawa ya munda ndi ana ena otsala kumudzi. Komanso, chifukwa chotupa chimaphwa msanga, banja likhoza kuganiza kuti mwana wachira, n'kubwerera kwawo mankhwala asanathe. Khansayi ikabwereranso imakhala yovuta kwambiri kuchiza.

Madokotala a ku Blantyre adaona kuti zinthu zooneka zazing'ono, monga kubwezera banja ndalama ya minibasi, kupatsa mwana chiponde, kudyetsa wodikirira ndi kutsatira amene sadabwerenso, zimachepetsa chiwerengero cha othawa mankhwala. Zambiri mwa zimenezi zakhala zikudalira mabungwe othandiza ochokera kunja.

Zimene zikusintha panopa

Chinthu choyamba choyang'anitsitsa ndi katemera wa malungo. Malawi lidali dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa RTS,S kudzera ku sikelo ya ana, pa 23 Epulo 2019, m'maboma 11 kuphatikizapo Chikwawa ndi Nsanje. Mwana amabayidwa ali ndi miyezi 5, 6, 7 ndi 22. Kuwunika kwa ntchitoyi ku Malawi, Ghana ndi Kenya kudaonetsa kuti imfa za ana a msinkhu wolandira katemerayu zidatsika ndi 13 pa 100 aliwonse. Ana oyambirira kubayidwa tsopano afika pa zaka zimene khansa ya Burkitt imakonda. Ngati kuchepa kwa malungo kumachepetsadi khansayi, zaka zikubwerazi ndi zimene zingationetse, ndipo Chikwawa, komwe mabungwe monga Malawi-Liverpool-Wellcome akhala akufufuza za malungo kwa nthawi yaitali, ndi malo oyenera kufunsirako funsoli. Koma yankho lingapezeke pokhapokha mwana aliyense wodwala atalembedwa m'kaundula wa khansa pamodzi ndi mudzi wake, monga momwe Burkitt ankachitira ndi masingano ake.

Chachiwiri ndi ndalama. Neti, zoyezera malungo, LA ndi kupopera mankhwala m'nyumba zakhala zikulipiridwa kwambiri ndi Global Fund komanso boma la America. Mu Januwale 2025 boma la America lidaimitsa thandizo lake lambiri lakunja, ndipo bungwe la USAID lidatsekedwa m'chaka chomwecho. Malawi idalonjeza kuthetsa malungo pofika 2030. Ntchito yopewa malungo ikafooka, chiwerengero cha odwala malungo chimakwera chaka chomwecho, koma zotsatira zake pa khansa ya ana zingadzaoneke patapita zaka, palibenso amene akukumbukira chiyambi chake.

Chachitatu ndi ulimi wothirira. Ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme yochokera ku Kapichira cholinga chake ndi kubweretsa madzi m'madera ouma a Chikwawa ndi Nsanje. Chakudya chikachuluka, ana onyentchera adzachepa, ndipo mwana wodya bwino amapirira mankhwala a khansa. Koma madzi oima amaswetsa udzudzu. Amene akukonza za ngalandeyi ndi amene amaona za malungo akuyenera kukhala pa tebulo limodzi.

Zizindikiro zimene kholo lisazengereze nazo

Pitani ndi mwana kuchipatala mwamsanga mukaona izi:

Tsaya, nsagwada kapena nkhama zikutupa mofulumira m'masiku ochepa, kawirikawiri popanda ululu kapena mafinya.

Mano, makamaka a kumbuyo, akugwedera kapena kusuntha pa msinkhu umene sayenera kuguluka.

Diso limodzi likutuzuka kapena chikope chatupa popanda kuvulala.

Mimba ikukula, kapena mukumva chinthu cholimba mkati mukamusambitsa.

Miyendo yafooka mwadzidzidzi, mwana akulephera kuyenda kapena kudziletsa mkodzo. Apa musagone, pitani tsiku lomwelo, chifukwa chotupa chikhoza kukhala chikupanikiza msana.

Khansayi imakonda ana a zaka zapakati pa 4 ndi 9, ndipo anyamata amadwala kwambiri kuposa atsikana. Matsagwidi amapweteka, amabwera ndi kutentha thupi ndipo amaphwa pasanathe masabata awiri. Chotupa chimene chikungokulirakulira si matsagwidi. Musalole kuti chitemedwe mphini kapena kuboola, ndipo dzino lisazulidwe dokotala asanaone bwino. Mukapatsidwa mankhwala koma kutupa kukupitirira, musadikire tsiku limene adakuuzani. Bwererani, nenani momveka kuti chotupa chikukula, ndipo funsani ngati mwana sakuyenera kutumizidwa ku chipatala chachikulu. Mukayamba mankhwala pa Gulupu, malizani ngakhale nkhope itabwerera mwakale. Ngati vuto ndi ndalama yoyendera kapena chakudya, auzeni anamwino musanaganize zochoka.

Zimene tingafunse kwa atsogoleri

Zipatala zatsopano za khansa n'zofunika, makamaka kwa amayi odwala khansa ya khomo la chiberekero ndi ya m'mawere, komanso odwala khansa ya kummero, amene makina owotcha amawathandizadi. Koma kwa mwana wa khansa ya Burkitt, mafunso ofunsa phungu, khansala ndi ofesi ya zaumoyo ya boma ndi ena. Kodi alangizi a zaumoyo ndi madokotala a zipatala zing'onozing'ono adaphunzitsidwa kuzindikira chotupa chotere? Kodi mwana woganiziridwa khansa amatenga masiku angati kuchoka ku Ngabu kufika pa wodi ku Blantyre, ndipo alipo amene amawerenga masikuwo? Kodi ambulansi ili ndi mafuta? Kodi ndalama yoyendera mabanja ili mu bajeti ya boma kapena ikudikira abwenzi akunja? Kodi madzi akasefukira, neti zimafika m'misasa pamodzi ndi ufa?

Burkitt adapeza zonse zimene adapeza poonetsa zithunzi kwa ogwira ntchito m'zipatala zakumidzi ndi kumvera mayankho awo. Papita zaka zoposa 60, ndipo mankhwala amene adayesa ku Kampala akupezeka ku Blantyre kwaulere. Chimene chatsala ndi chakuti mlangizi wa zaumoyo wa ku Chapananga, mphunzitsi wa sitandade 1 ku Nchalo ndi agogo a ku Makhuwira onse adziwe tsaya lotupa likaoneka, ndipo mwanayo akwere mapiri a ku Thabwa sabata yomweyo.